Chimango chosaoneka: chifukwa chake mchere, mchenga, njanji ndi madzi zimasiyana khalidwe

Pa Chipoka m'boma la Salima, pomwe njanji yochokera ku Blantyre imakumana ndi doko la pa Nyanja ya Malawi, zinthu zimawombedwa ndi dzuwa limodzi koma chilichonse chimaonetsa khalidwe lakelake. Masana a mwezi wa Okutobala mchenga umawotcha mapazi, pomwe madzi omwe akugavira pa mchenga womwewo amakhala ozizira bwino. Njanji, yomwe idafika m'derali mu 1935, imasenza mabogi olemera osathyoka, koma chitsulo chake chimadyeka ndi dzimbiri chikakhalitsa pachinyontho. Mchere wa pamsika umazimirira ukangogwera m'madzi, komabe ukauika m'poto wouma pambaula umangothetheka osasungunuka.

Kwa akatswiri a sayansi, kusiyana konseku kuli ndi gwero limodzi, lomwe ndi momwe tizigawo ting'onoting'ono topanga chinthu chilichonse, totchedwa maatomu, timagwirirana. Mutuwu umapezeka m'phunziro la Chemistry kusekondale, ndipo wophunzira wokonzekera mayeso a MSCE sangaulambalale. Koma nkhani yake simathera m'kalasi. Ndiyo imafotokoza chifukwa chake madzi amakulitsa moto wa petulo, chifukwa chake feteleza wa urea wosakwiriridwa amathawira mumlengalenga, komanso chifukwa chake mbaula yosiyidwa m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo.

Zonse zimayambira pa maelekitironi akunja

Mitundu ya maatomu yodziwika pakadali pano ilipo 118, ndipo pafupifupi 90 mwa iyo imapezeka mwachilengedwe. Atomu ndi yaing'ono kwambiri moti pamafunika maatomu mamiliyoni angapo ofola mzere umodzi kuti akwane milimita imodzi. Pakati pa atomu pali phata lokhala ndi mphamvu ya pozitivi, ndipo kuzungulira phatalo kuli tizinthu topepuka totchedwa maelekitironi, tomwe mphamvu yake ndi ya negetivi. Aliyense amene adalumikizapo batire la galimoto amawadziwa mayina awiriwa. Lamulo lake ndi lalifupi: pozitivi ndi negetivi zimakokana, pomwe mphamvu zofanana zimakankhana.

Maelekitironi, omwe J.J. Thomson wa ku England adawatulukira mu 1897, amakhala m'magulu osanjikizana ngati makoko a anyezi. Omwe ali m'khoko lakunja ndiwo amakumana ndi maatomu ena. Maatomu ambiri amakhazikika khoko lakunjalo likadzaza, ndipo kawirikawiri limadzaza ndi maelekitironi 8. Owerengeka okha, monga a mpweya wa neon ndi argon, ndiwo amakhala odzaza kale, n'chifukwa chake sagwirana ndi anzawo wamba. Ena onse amayenera kupeza njira, ndipo njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Atomu ikhoza kupereka kapena kulandira elekitironi, ikhoza kugwirira limodzi maelekitironi ndi inzake, kapenanso maatomu onse akhoza kusonkha maelekitironi awo pamodzi. Njira iliyonse imabala chimango chake, ndipo chimangocho ndicho chimalamula khalidwe la chinthu.

Wina apereka, wina alandira

Mchere wa m'ndiwo umapangidwa ndi maatomu amitundu iwiri, sodiyamu ndi klorini, ndipo onsewa paokha ndi oopsa. Sodiyamu ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, chomwe chimalilima mpaka kuyaka chikagwera m'madzi. Klorini ndi mpweya wapoizoni, womwe umagwiritsidwa ntchito popanga mankhwala ophera tizilombo m'madzi akumwa. Atomu ya sodiyamu ili ndi elekitironi imodzi yokha m'khoko lakunja, pomwe ya klorini ili ndi 7 ndipo ikusowa imodzi. Zikakumana, sodiyamu amapereka yake ija n'kutsala ndi mphamvu ya pozitivi, klorini amailandira n'kukhala ndi mphamvu ya negetivi. Atomu yotere imatchedwa ayoni, ndipo kukokana kwa maayoni otsutsanawa ndiko akatswiri amakutcha ionic bond. Walther Kossel wa ku Germany adakufotokoza mu 1916.

Maayoniwa sakhala awiriawiri ngati banja. Mu 1913, William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence, pogwiritsa ntchito cheza cha X-ray, adaonetsa kuti m'kanjere ka mchere ayoni iliyonse ya sodiyamu imazunguliridwa ndi maayoni 6 a klorini, ndipo ya klorini nayo imazunguliridwa ndi maayoni 6 a sodiyamu, mosinthanasinthana mbali zonse ngati njerwa zoyalidwa ndi mmisiri waluso. Ichi n'chifukwa chake tinjere ta mchere woyengedwa bwino timaoneka ngati timabokosi.

Khalidwe lonse la mchere limachokera pa kayalidwe kameneka. Popeza ayoni iliyonse yagwidwa mbali zonse, pamafunika kutentha kwa madigiri 801 kuti mchere usungunuke pamoto. Popeza mizereyo idayalidwa mosinthana, kumenya pang'ono kumasuntha mzere umodzi, pozitivi n'kuyang'anana ndi pozitivi inzake, zimakankhana, ndipo kanjereko kamasweka. Mchere wa mibulu umasinjika mumtondo mosavuta pa chifukwa chimenechi, ngakhale kuti moto wa kukhitchini umaulephera.

Apa chilankhulo chikhoza kusokoneza. Chichewa chimagwiritsa ntchito mawu amodzi, kusungunuka, pa zochitika ziwiri zosiyana. Kusungunuka pamoto kumachitika kutentha kukagwedeza maatomu mpaka kutayana. Kusungunuka m'madzi kumachitika madziwo akamachotsa maayoni imodziimodzi n'kuwazungulira. Mchere umakana koyambako koma umalola kwachiwiri, ndipo lita imodzi ya madzi imatha kumeza magalamu pafupifupi 360 a mchere.

Mchere wouma sudutsa magetsi chifukwa maayoni ake ndi omangika. Ukasungunuka m'madzi, maayoniwo amamasuka ndipo amanyamula magetsi, monga momwe Svante Arrhenius wa ku Sweden adafotokozera mu 1884. Thukuta ndi magazi a munthu zili ndi maayoni otere, n'chifukwa chake kugwira soketi kapena waya wosupuka ndi manja onyowa kumaika moyo pachiswe. Maayoni omwewo ndiwo thupi limataya munthu akamatsegula m'mimba kwambiri, monga zidachitikira kwa anthu ambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja. Madzi a Thanzi ORS amabwezeretsa sodiyamu ndi potaziyamu m'thupi, ndipo kashuga komwe kamakhalamo kamathandiza matumbo kuyamwa sodiyamuyo pamodzi ndi madzi.

Amayi otcheza chidulo amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi. Madzi odutsa m'phulusa amanyamula michere ya potaziyamu yomwe imasungunuka, n'kusiya makala ndi zinyalala m'chotchezera. Micherezo ndiyo imafewetsa therere.

Ukonde umodzi, asodzi awiri

Shuga wa ku fakitale ya Salima Sugar kapena wa ku Dwangwa amafanana ndi mchere pamaso. Onse ndi oyera, a tinjere, ndipo amasungunuka m'madzi. Koma supuni ya shuga ikaikidwa pamoto imasanduka madzimadzi ofiirira pa madigiri pafupifupi 186, kenako imapserera n'kuda bii. Madzi a shuga nawo sadutsa magetsi monga amachitira a mchere.

Shuga adapangidwa ndi kaboni, haidirojeni ndi okosijeni, ndipo pa maatomu amenewa palibe yofuna kutaya elekitironi yake. Choncho maatomu awiri oyandikana amaika elekitironi imodziimodzi pakati pawo, onse n'kuziyesa zawo. Zili ngati asodzi awiri okoka ukonde umodzi, wina mbali iyi wina mbali inayo: palibe angachoke, chifukwa zomwe akufuna onse zili muukondemo. Gilbert Lewis wa ku America adafotokoza kugwirana kotere mu 1916, ndipo dzina lakuti covalent bond lidachokera pa mawu omwe Irving Langmuir adayambitsa mu 1919.

Kagulu ka maatomu ogwirana motere kamatchedwa molekyu. Molekyu imodzi ya shuga ili ndi maatomu 45: a kaboni 12, a haidirojeni 22 ndi a okosijeni 11. Mkati mwa molekyu chimango ndi cholimba kwambiri, koma pakati pa molekyu ina ndi inzake kukokana kwake ndi kofooka. Izi ndizo zimachititsa kuti zinthu za mtundu umenewu zizisungunuka kapena kuuluka ndi kutentha kochepa. Kandulo imasungunuka ndi lawi lake lomwe, mafuta ophikira ndi amadzimadzi kale, ndipo petulo amauluka ngakhale pamthunzi, moti fungo lake limamveka patali chigubu chikangotsegulidwa. Popeza molekyu yonse ilibe mphamvu ya pozitivi kapena ya negetivi yotsalira, palibe chonyamula magetsi. N'chifukwa chake mawaya amakutidwa ndi pulasitiki.

Madzi ndi mamolekyu okonda kugwirana manja

Molekyu ya madzi ili ndi maatomu atatu okha, awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni. Ikadatsata lamulo la mamolekyu ang'onoang'ono, Nyanja ya Malawi sikadakhalapo. Mpweya wa methane, womwe umatuluka m'ndowe zowola, uli ndi mamolekyu olemera pafupifupi chimodzimodzi ndi a madzi, koma umawira pa madigiri 162 kunsi kwa ziro. Madzi amadikira mpaka madigiri 100.

Chinsinsi chake n'chakuti asodzi awiri aja sakhala ofanana mphamvu nthawi zonse. Okosijeni amakokera maelekitironi kumbali yake kuposa haidirojeni, ndipo popeza molekyuyo ndi yopindika ngati mphanda ya legeni, mbali imodzi imakhala ndi kanegetivi pang'ono, inayo kapozitivi pang'ono. Mbali ya pozitivi ya molekyu ina imakoka mbali ya negetivi ya inzake, ndipo kukokana kumeneku kumatchedwa hydrogen bond. N'kofooka poyerekeza ndi chimango cha mkati mwa molekyu, koma kumachitika paliponse m'madzimo nthawi imodzi.

Kutentha kwa dzuwa kumayamba kwalimbana ndi kugwirana manja kumeneku madzi asanafunde. Kilogalamu ya madzi imafuna kutentha kochuluka pafupifupi kasanu kuposa kilogalamu ya mchenga wouma kuti zonse zikwere ndi digiri imodzi. Apa ndi pomwe pagona yankho la mapazi opsa ndi mchenga pafupi ndi madzi ozizira. Ndi chifukwa chakenso masana kamphepo kamachokera kunyanja kupita kumtunda, usiku n'kutembenuka.

Mbali ziwiri za molekyu ya madzi ndizonso zimakoka maayoni a mchere n'kuwachotsa pamzere. Zinthu zopanda mbali zotere madzi amazikana. Mafuta amayandama osasakanikirana nawo, ndipo sopo amatha kuchotsa mafuta pambale chifukwa molekyu yake ndi yaitali, mutu wake wokonda madzi, mchira wake wokonda mafuta. Mpweya wa okosijeni nawo umalowa m'madzi movutikira: lita imodzi ya madzi ofunda imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha. Kachigawo kochepa kameneka ndiko usipa, utaka ndi chambo zimapuma. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto kwake, koma kunsi kwa mamita pafupifupi 250 madzi alibe okosijeni, choncho nsomba zonse zomwe dziko lino limadalira zimakhala m'madzi apamwamba okha.

Pomwe chimango chilibe malire

Si zinthu zonse za covalent bond zomwe zimakhala timagulu tating'ono. Mchenga wotuwa wa pa Chipoka wambiri ndi mwala wa quartz, momwe atomu iliyonse ya silikoni imagwirana ndi maatomu anayi a okosijeni, ndipo ya okosijeni iliyonse imalumikiza masilikoni awiri, osalekeza mpaka kumapeto kwa kanjereko. Mulibe malo ofooka oti kutentha kapena madzi zilowerepo. Mchenga umasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,700, ndipo mafunde aukokolola kwa zaka zosawerengeka osaumeza monga amachitira ndi mchere. Kulimba kumeneku ndiko kumaupangitsa kukhala wofunika pa konkire ndi popanga magalasi.

Kaboni ndiye amaonetsa bwino kuti kayalidwe kamaposa mtundu wa atomu. Dayamondi ndi graphite, mwala wakuda womwe umalemba mu pensulo, zonse ndi kaboni yekhayekha. Mu dayamondi atomu iliyonse imagwirana ndi anzake anayi mbali zonse, ndipo palibe mwala wachilengedwe womuposa kulimba, n'chifukwa chake amaikidwa kumano a makina oboola miyala. Mu graphite atomu iliyonse imagwirana ndi atatu okha, n'kupanga timapepala tosanjikizana tomwe timatererana. Pensulo ikamalemba imasiya timapepala timeneti. Elekitironi yachinayi ija imatsala yomasuka, choncho graphite amadutsa magetsi pomwe dayamondi sadutsa. Khalidwe limeneli ndilo lachititsa kuti graphite azifunidwa kwambiri ndi opanga mabatire a mafoni ndi a galimoto zoyendera magetsi, ndipo ndilo lakopa kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals kukafufuza mwalawu pamodzi ndi wa rutile ku Kasiya m'boma la Lilongwe.

Gombe la Salima nalo lili ndi chuma chake. Mizere yakuda yomwe imaoneka pamchenga mafunde akabwerera imakhala ya miyala yolemera, ndipo kafukufuku wa za migodi adapeza kuti mchenga wa dera la Chipoka, monganso wa ku Makanjira m'boma la Mangochi, uli ndi miyala monga ilmenite ndi zircon. Mu ilmenite ndi rutile muli titanium wogwirana zolimba ndi okosijeni. Akayengedwa amapereka ufa woyera mbee womwe umathiridwa mu penti, komanso chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri chomwe chimagwiritsidwa ntchito popanga ndege. Kumasula titanium ku okosijeni kumadya magetsi ochuluka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe phindu lalikulu limatsalira m'mayiko oyenga, osati okumba.

Silikoni woyengedwa kuchokera ku quartz ali pakatikati. Kayalidwe kake ndi ka dayamondi, koma chimango chake n'chofookerapo moti kuwala kwa dzuwa kumatha kumasula maelekitironi ena. Mapanelo a pamalo opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka m'boma lomweli la Salima, omwe adatsegulidwa mu 2021 ndipo amatulutsa mamegawati 60, amagwira ntchito pa mfundo imeneyi, chimodzimodzi kapanelo kotchajira foni padenga la nyumba ya msodzi.

Zitsulo ndi banki m'khonde

Maatomu a chitsulo, kopa ndi aluminiyamu ali ndi maelekitironi ochepa kunja, ndipo onse amafuna kupereka. Akakhala okhaokha palibe wolandira. Chomwe amachita chikufanana ndi banki m'khonde: aliyense amaponya zake m'bokosi limodzi, ndipo zoponyedwazo zimazungulira gulu lonse. Maatomu amatsala ngati maayoni a pozitivi oyalidwa m'mizere, maelekitironi osonkhedwawo n'kumayenda pakati pawo momasuka, ndipo kukokana kwa ziwirizi ndiko metallic bond. Paul Drude wa ku Germany ndiye adayamba kufotokoza zitsulo mwa njira imeneyi mu 1900.

Maelekitironi oyendayendawa ndiwo amanyamula magetsi m'mawaya a kopa a m'nyumba ndi a aluminiyamu a pamapolo. Ndiwonso amanyamula kutentha, moti supuni yachitsulo yosiyidwa m'poto imawotcha dzanja pomwe mthiko suwotcha. Chitsulo chikamenyedwa, mizere ya maayoni imatsetsereka koma sikankhana monga zimachitikira mumchere, chifukwa maelekitironi aja amatsatira kulikonse komwe mizereyo yapita. Amisiri okhoma ndowa, zidebe ndi mbaula m'misika amadyera khalidwe limeneli. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, kutentha komwe makala opemereredwa bwino amakufikira, n'chifukwa chake amisiri ena amaumba mapoto kuchokera ku zidutswa zakale. Kopa amafuna madigiri 1,085, pomwe chitsulo chenicheni chimafuna 1,538.

Chitsulo chopanda chosakaniza n'chofewa kwambiri moti sichingakhale njanji. Opanga amathiramo kaboni wochepa, wosafika 2 peresenti, yemwe maatomu ake amakhala ngati miyala yotsekera matayala, kuletsa mizere kutsetsereka. Kaboni akachuluka kupitirira apo chitsulo chimauma mtima n'kumasweka chikagwa. Kutentha nako kumachititsa maatomu kunjenjemera n'kutalikirana pang'ono, ndipo mipata yomwe imasiyidwa polumikizira njanji zakale ndi malo oti chitsulo chifutukukire m'nyengo yotentha.

Dzimbiri ndi kusintha kwa chimango

Dzimbiri limayamba maatomu a chitsulo akapeza wolandira maelekitironi awo. Wolandirayo ndi okosijeni, ndipo madzi ndiwo mkhalapakati. Chitsulo chikapereka maelekitironi chimachoka mu banki ija n'kukhala ayoni, ndipo chotsatira chake chimatenga khalidwe la gulu la mchere: chimayoyoka, sichipindika, sichinyamula katundu. Dzimbiri limafufuma n'kugwa, kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nacho chidyeke. Aluminiyamu naye amagwirana ndi okosijeni, koma kachikopa komwe kamapangika kamamatirira n'kutseka njira, n'chifukwa chake mapoto ake sabooka ndi dzimbiri. Malata ofolera nyumba amakutidwa ndi zinki, yemwe amapereka maelekitironi mwachangu kuposa chitsulo, choncho amadyeka ndi iye m'malo mwake.

Madzi okhala ndi maayoni ambiri amafulumizitsa ntchitoyi. Lita ya madzi a m'nyanja zamchere, monga ya ku Beira, imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, pomwe ya m'Nyanja ya Malawi sifika ngakhale theka la galamu. Sitima ya MV Ilala, yomwe idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, idabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka pa Chipoka, ndipo idayamba ntchito panyanjayi mu 1951. Yatumikira zaka zoposa 70. Penti ndi kukonza kwa amisiri zili ndi gawo lake, koma madzi opanda mchere nawo athandiza kwambiri. Phunziro lake pakhomo n'lakuti khasu, njinga kapena malata zosungidwa mokhudzana ndi thumba la mchere kapena la feteleza zimatha msanga.

Pomwe kudziwa kumapulumutsa moyo ndi ndalama

Mafuta a galimoto akamasowa, anthu ena amasunga petulo m'zigubu, ndipo kunyanja eni maboti a injini amakhala naye pafupi nthawi zonse. Mamolekyu a petulo sakokana kwambiri, choncho amauluka mosavuta, ndipo nthunzi yake, yomwe ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi mpaka kukapeza moto womwe uli pataliko. Moto ukabuka, madzi sauzima. Petulo sasakanikirana nawo ndipo ndi wopepuka, choncho amayandama pamwamba pake akuyakabe n'kufalikira kulikonse komwe madziwo ayenderera. Moto waung'ono wotere umafuna mchenga kapena dothi, zomwe zimautsekera mpweya. Mafuta ophikira oyaka m'chiwaya amafuna chivundikiro.

Mbaula imapha mwa njira ina. Makala akamayaka pomwe mpweya ndi wochepa amatulutsa carbon monoxide, molekyu ya atomu imodzi ya kaboni ndi imodzi ya okosijeni, yopanda fungo kapena mtundu. M'magazi a munthu muli maatomu a chitsulo omwe ntchito yawo ndi kugwira okosijeni m'mapapo n'kukamusiya m'thupi. Kugwirako kuyenera kukhala kosavuta kumasula. Carbon monoxide amagwira malo omwewo mwamphamvu yoposa ya okosijeni maulendo oposa 200, ndipo sachokapo msanga. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, kenako amakomoka osadziwa chomwe chikuchitika. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mbaula yoyaka siyenera kugona m'chipinda chotseka.

Kumunda, feteleza wokulitsa wa NPK ndi msanganizo wa michere. Amayamwa chinyontho cha mumpweya n'kuundana, choncho thumba lake limafunika kukhala lomanga, pamalo ouma, losakhudza pansi. Akathiridwa mokhudzana ndi mbewu amakoka madzi ake monga mchere umachitira ndi nyama yofutsa, ndipo mbewuyo imapsa. Urea, feteleza wobereketsa yemwe 46 peresenti yake ndi naitirojeni, ndi wa mamolekyu. Akagwera panthaka yonyowa, tizilombo ta m'nthaka timamuphwanya n'kutulutsa mpweya wa ammonia. Akakwiriridwa, mpweyawo umasanduka ayoni yomwe dothi limaigwira mpaka mizu itaipeza. Akangomwazidwa pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limauluka, ndipo ndalama za mlimi zimapita nalo.

Kunyanja, maukonde akale ankalukidwa ndi ulusi wa zomera ndipo ankaola akatayika, chifukwa tizilombo ta m'madzi timadziwa kudula chimango cha ulusi wotere. Nayiloni ndi pulasitiki ndi maunyolo ataliatali a maatomu omwe adapangidwa m'fakitale, ndipo tizilombo toterewa timawalephera. Kulimba komwe kumakondweretsa msodzi pogula ndiko kumachititsa ukonde wodukira m'madzi kupitiriza kukola nsomba kwa zaka popanda wozivuula. Malamulo a 2015 oletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, omwe Khoti la Supreme lidawavomereza mu 2019, akulimbana ndi vuto la gwero lomweli.

Malire ake si mpanda

Magulu atatuwa ndi njira yothandiza kumvetsa, koma chilengedwe sichidawadule ndi mpeni. Linus Pauling wa ku America, yemwe adalemba buku la The Nature of the Chemical Bond mu 1939 n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1954, adaonetsa kuti pakati pa kupereka kotheratu ndi kugawana kofanana pali masitepe ambiri, malinga ndi mphamvu yomwe atomu iliyonse imakokera maelekitironi. Madzi ali pa sitepe ina, quartz pa ina, mchere chakumapeto. Zinthu zambiri zimakhalanso ndi mitundu iwiri ya chimango nthawi imodzi, monga sopo ndi michere ya mu feteleza.

Ngakhale zili choncho, mafunso ochepa amakwanira kulozera gulu la chinthu chachilendo. Chikamenyedwa chimapindika kapena chimasweka? Chimasungunuka ndi moto wochepa kapena chimaukana? Chimalowa m'madzi kapena chimayandama? Chopindika ndi chonyezimira chimadutsa magetsi, ndipo chiyenera kutalikirana ndi mawaya komanso chinyontho. Chosweka chomwe chimazimirira m'madzi chimafuna malo ouma, ndipo madzi ake akhoza kudutsa magetsi ndi kudya zitsulo. Chonunkha chomwe chimayandama pamadzi kawirikawiri chimayaka, ndipo chikayaka sichifuna ndowa ya madzi. Wogulitsa mafuta, mlimi, mmisiri ndi mayi wa pakhomo amakumana ndi mafunso amenewa tsiku lililonse, ndipo yankho lolakwika limalipiridwa ndi katundu, mbewu kapena moyo.